Batili Losadzaza la kwa a Nyendwa

Aliyense amene amagula nsomba zaziwisi pamsika wa Nyimba amawadziwa amai Virginia Nyendwa. Ndi aja aafupi, olankhula motsitsa mawu, amene amakhala pambali pa tilela yobiliwila yokhala ndi filiji pamwamba. Ukawauza kuti ndalama watumiza pafoni, amakumwetulila bwinobwino, koma nsomba sakupatsa mpaka foni yawo italila. Si nkhanza ayi. Ndi mmene anakulila.

Anabadwila ku Luembe, m'banja lolima thonje, ndipo anali mwana woyamba. Ali mtsikana ankapelekeza atate awo kokagulitsa. Atate awo anali munthu wokonda macheza, ndiye pamene iwo ankaseka ndi wogula uja, mwanayo ankangoyang'ana singano ya sikelo. Anaona zimene phazi la munthu limatha kuchita pansi pa thumba pamene pakamwa pake pakutuluka nthabwala. Sanauze munthu, koma sanaiwale.

Anakwatiwa ndi a Febian Nyendwa a ku Petauke, dalaiva wa malole, munthu wamtali, wofatsa, woimba besi ku tchalitchi. A Febian anaphunzila ntchitoyo kwa akulu awo, a Conrad. Madalaiva ena a nthawi imeneyo anali ndi chizolowezi chozimitsa injini akafika pamtsetse, kuti lole itsike yokha popanda kudya dizilo. A Conrad anachita zimenezo m'mapili a ku Kacholola atanyamula chimanga. Mabuleki anakana, lole inakagwela kuphompho, ndipo anthu anatola chimanga m'tchile muja kwa nthawi yaitali malilo atatha. Atabwela kuchokela kumanda, a Febian anagwada m'chipinda, nagwila Baibulo, nalonjeza akazi awo pamaso pa Mulungu kuti dzanja lawo silidzakhudza kiyi pamtsetse mpaka kufa. Malole anawasiya chaka chomwecho.

Anagula vaneti yakale nayamba malonda a nsomba. Ankapita ku mlatho wa Luangwa kukapikula pende ndi milamba, kuzithila ayezi, n'kudzagulitsa ku Nyimba, zina ku Petauke. Ndi malonda amenewo anaphunzitsa mwana wawo mmodzi yekhayo, Yvonne, namanga nyumba ya malata kuseli kwa msika.

Chaka cha chilala magetsi anayamba kuzima tsiku lonse, ndipo ayezi anasowa m'tauni monse. Pamenepo ndi pamene anapita kwa a Ricky, amisili a za magetsi ku Petauke. A Ricky anaika filiji pa tilela, pansi pake batili lalikulu la lithiyamu, ndi kabokosi kotchaja pambali. Anakoka waya wonenepa kuchokela ku injini ya vaneti mpaka kumbuyo, n'kuikapo pulagi yolumikiza motoka ndi tilela.

Amai Virginia sanakhale pampando umene anawapatsa. Anaima pambali pa amisiliwo tsiku lonse.

"Ndiye chimadya chiyani chinthu chimenechi?" anafunsa.

"Chimadya injini, amai. Injini ikamalila, batili likudzaza. Injini ikazima, kabokosi aka kamatseka njila, kuti filiji isamwe batili la motoka n'kukusiyani m'tchile. Mukalizanso, kamayamba kadikila pang'ono, kenako n'kutsegula."

"Nanga ine ndidziwa bwanji kuti ladzaza? Sindingalisuzumile ngati mtsuko."

A Ricky anawaonetsa tinyali tinayi tobiliwila pamwamba pa batili. "Kuchoka pa mlatho kufika kwanu, tonse iti tizikhala titayaka. Tikayaka tonse, gonani mtima uli m'malo, filiji ifika m'mawa ili gwa."

Zinayendadi motelo. Pa maulendo oyamba amai Virginia ankakwela nawo, ndipo pofika pakhomo ankatsika, kupita kumbuyo, kukweza chivundikilo. Tonse tinayi tinkakhala titayaka.

Kenako Yvonne, amene anakwatiwa ku Ndake, anabwela kwa amake kudzadikila mwana wake woyamba, monga amachitila ana aakazi. Miyendo yake inatupa, ndipo amai Virginia analeka kuyenda. A Febian anayamba kupita okha.

Ulendo woyamba wa okha, tinyali tinayaka titatu. Amai Virginia anangoti mwina kunatentha kwambili. Ulendo wotsatila tinayaka tiwili. M'mawa mwake anapeza filiji yasiya kulila, madzi ofiila ali mbwee pansi pake, pende zitafewa mimba. Anakhala pachitsa n'kuzing'amba zonse, kuzithila mchele, kuziyanika padenga la khitchini. Nsomba zouma zinali mbwee pamsika, palibe amene akanazifuna kwa iwo.

Anaitana a Ricky. Amisiliwo anabwela ndi kamakina kawo, anapima waya, anagwedeza pulagi, analiza injini n'kuonetsa kuti kabokosi kakugwila ntchito.

"Zanga zonse zili bwino, amai. Batili ili silinadwale. Langokhala ndi njala. Injini siinalile mokwanila."

"Kuchoka ku mlatho mpaka kuno, siinalile mokwanila?"

A Ricky anayang'ana a Febian. A Febian anali atawelama, akuchotsa kamwala m'tayala ndi kamtengo.

"Mabatili amakono awa ndi onyada," anatelo a Febian osadzutsa mutu. "Lelo adya, mailo akana."

Amai Virginia anawayang'anitsitsa. Amuna awo akamanena zoona ankayang'ana munthu kumaso, ndipo zimenezi anazidziwa kuyambila ali pa chibwenzi.

Madzulo a ulendo wina, a Febian ali kubafa, amai Virginia anatenga kiyi pamsomali, nalowa m'vaneti, naipotokola pang'ono mpaka singano zinadzuka. Singano ya dizilo inaima pamwamba kuposa pamene inkaima masiku amene ankayenda limodzi. Anayamba kuwelengela mumtima. Batili likuti injini siinalile. Thanki ikuti motoka siinapite kutali. Koma nsomba zabwela, ndipo munthu wachoka m'mawa n'kubwela dzuwa litapendeka. Ndiye kuti pali pamene motoka imaima. Nsomba munthu angathe kutumizilidwa pa basi n'kuzilandilila panjila. Nanga nthawi yotsalayo amakhala m'nyumba ya yani?

Kuyambila tsiku limenelo zonse zinayamba kuwalankhula. Mpando wa kumanzele anaupeza utakankhidwila kumbuyo, pamene iwo miyendo yawo ndi yaifupi. Pansi pake panali makoko a nthochi. A Febian anati ananyamula abusa ena amene anasowa basi. Malaya awo ankanunkha utsi wa nkhuni, ndipo anati anaima pafupi ndi owamba nsomba. Yankho lililonse linali lomveka, ndipo kumveka kwakeko n'kumene kunawawawa kwambili amai Virginia. Lachisanu ku chigwilizano cha amai ankaimba nawo, koma maso awo ali pa akazi a ku Kacholola amene anabwela kudzacheza, kuwayeza mmodzimmodzi.

Yvonne anachila bwino ku chipatala, mwana wamwamuna. Kwathu kuno khanda limene silinatengedwe kumphasa ndi makolo ake mwa mwambo timati ndi lozizila. A m'nyumba imene muli khandalo amadzisunga, ndipo munthu amene wagona kwina timati ndi wotentha. Akalinyamula, mwana amatupa, amatsokomola, amafota. Amai Virginia anali Mkhristu wa zaka zambili, ndipo anamvapo abusa akunena kuti moyo wa mwana uli m'manja mwa Mulungu, osati m'miyambo. Anavomeleza zimenezo ndi mtima wonse. Koma sanafune kuti mdzukulu wawo woyamba akhale poyesela.

Tsiku limene mwana anafika pakhomo, a Febian anasamba m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono, navala malaya a ku tchalitchi, nalowa m'chipinda atatambasula manja.

"Bwela naye kuno, mama. Abwele aone ambuya ake."

Yvonne anayamba kudzuka, koma amake anaima pakati.

"Wagona."

"Maso ali pululu chonchi, amake Yvonne?"

"Wangoyamwa kumene. Abzikula."

A Febian anaseka, nabweza manja. Mawa lake anauzidwa kuti manja awo akununkha dizilo. Tsiku lina anauzidwa kuti ali ndi chimfine, pamene sanayetsemule n'komwe. Pambuyo pake analeka kupempha. Ankangoima pakhomo pa chipinda n'kumamuimbila mwanayo nyimbo za m'kwaya ndi mawu awo aakulu aja, motsitsa, manja ali kumbuyo ngati mlendo. Anagula kabulangeti kachikasu ku Petauke n'kukasiya pampando, osakapeleka pamanja.

"Amama, atate alakwa chiyani?" Yvonne anafunsa tsiku lina akusambitsa mwana.

"Thila madzi kumsana uko. Sopo watsalila."

"Ndikufunsa, amama. Dzulo ndinawaona akupukuta maso kuseli kwa tilela."

"Iwe samala mwana wako. Za nyumba ino zisiyile ine."

Komabe mawu a mwanayo anawalowa. Amai Virginia anapemphela, nati mwina satana akusewela ndi mutu wawo. Anaganiza zopita okha kukaona. M'mawa wa ulendo wotsatila, a Febian akulumikiza pulagi, anangoona akazi awo atuluka atavala chitenje chatsopano, kachikwama kali m'khwapa.

"Lelo tipita tonse."

"Nanga mwana?"

"Ali ndi amake."

Njila yonse a Febian sanalankhule zambili. Amai Virginia ankayang'ana nyumba iliyonse ya m'mbali mwa msewu, kuona ngati pali mkazi amene atuluke atamva kulila kwa vaneti. Pa Kacholola anayang'anitsitsa amuna awo kumaso, koma iwo maso anali pamsewu. Chimene anaona n'chakuti munthuyo sanakhazikike. Akafika pamwamba pa phili, dzanja lawo lamanja linkachoka pachiwongolelo, kutsika pang'ono, kenako n'kubwelela kukakanda bondo. Linatelo pa phili loyamba, linatelonso pa lachiwili. Amai Virginia anati mumtima, munthu wosalakwa sayabwidwa bondo chonchi.

Pa mlatho, amai Doris, amene ankawagulitsa nsomba kuyambila kale, anawalandila ndi mfuu.

"Ee, a Nyendwa, lelo mwabwela ndi apolisi! Mwaba chiyani?"

Anthu anaseka. A Febian anaseka nawo mochedwa. Pamene iwo ankalongedza nsomba m'filiji, amai Virginia anakokela amai Doris pambali.

"Amafika kuno masiku onse?"

"Amuna anu? Osaphonya. Amagula, amadya chinangwa chootcha, amapita. Mwatani kodi, amake Yvonne?"

"Palibe. Ndimangofunsa."

Koma pobwelela anaganiza kuti wogulitsa sangaipitse dzina la munthu amene amamugula katundu. Anatsala ndi mboni imodzi yokha imene siidya chinangwa cha munthu. Njila yonse anapemphela chamumtima kuti akafike tinyali titayaka tiwili, kuti vuto likhale la waya, la kutentha, la chilichonse, iwo achite manyazi apepese. Atafika pakhomo anatsika, nakweza chivundikilo.

Tonse tinayi tinali titayaka.

Anatseka pang'onopang'ono. Sanakuwe, sanatukwane. Anatuma uthenga kwa amalume awo, a Davies Miti a ku Luembe, amene anali ankhoswe a ukwati wawo.

A Miti anafika Loweluka masana panjinga yamoto, fumbi lili m'nsidze. Anakhala pabalaza, a Febian pampando wa pafupi ndi khomo, amai Virginia pamphasa. Yvonne anatsekeledwa kuchipinda ndi mwana. Amai Virginia anafotokoza zonse mwadongosolo: tinyali, singano ya dizilo, nsomba zimene zinaonongeka, ulendo umene anapita nawo ndi mmene batili linadzazila tsiku limenelo lokha.

A Miti anavula chipewa nakanda mutu.

"Ine milandu ya m'nyumba ndaiona yambili. Ya mowa, ya apongozi, ya foni yobisa pansi pa pilo. Koma kuitanidwa ndi batili, ndiyamba lelo. Mwana wanga, dzina la mkaziyo uli nalo?"

"Ndilibe."

"Unamuona?"

"Sindinamuone, amalume. Koma motoka imaima penapake. Ndikufuna andiuze pamene imaima."

"A Nyendwa, mwamva. Ine za magetsi sindidziwa, kwathu timayatsa tochi. Koma funso ndi losavuta. Mukakhala nokha batili libwela ndi njala, mukakhala ndi akazi anu libwela lokhuta. Limaopa akazi anu kodi?"

A Febian anayang'ana pansi. Anapukuta manja pa thalauzi.

"Kulibe mkazi, amalume."

"Zimenezo aliyense amanena. Ine ndafunsa za batili."

"Motoka siima paliponse."

"Ndiye injini imapuma ikuyenda?" anatelo amai Virginia. Anafunsa monyoza, koma a Febian anadzidzimuka ngati awaponda chala.

Kuchipinda mwana analila pang'ono, Yvonne namutonthoza. A Febian anatembenukila kumene kunachokela kulilako, kenako analankhula mawu ali pansi.

"Imapuma. Ndimaizimitsa pamitsetse."

A Febian anapitiliza.

"Dizilo inakwela, amake Yvonne, ndipo Yvonne anali pafupi kuchila. Ndinati ndiyese pa kamtsetse kamodzi kakang'ono. Ndinaona kuti yatsika bwino. Ndiye kawili, katatu, mpaka dzanja linazolowela. Kuchoka ku mlatho, phili lililonse ndimakwela ndi injini, kutsika ndimatsika chete. Sindinaganize za batili. Pamene a Ricky ananena, ndinadziwa, ndinati ndileka. Koma ndikafika pamwamba, ndimangoona ndazimitsa kale."

"Ndi tilela kumbuyo?" anatelo a Miti. "Yodzaza nsomba? M'mapili omwe aja?"

"Omwe aja."

"Ndipo munalola kuti akazi anu akuyeseni wachigololo mwezi wonse?"

"Ndinaona kuti chimenecho n'chopepukilapo."

Amai Virginia anafuna kukana. Mtima wawo unali utazolowela kale mkazi wosaoneka uja, unali utamupatsa nkhope ndi nyumba ya m'mbali mwa msewu. Munthu wogwidwa amatha kupeka chilichonse. Koma anakumbukila dzanja lija pamwamba pa phili, likuchoka pachiwongolelo, likutsikila kumene kumakhala kiyi, n'kubwelela kukakanda bondo. Sanali mantha a munthu wobisa mkazi. Dzanjalo linkapita kuntchito yake, n'kukumbuka kuti lelo pali amene akuona.

Masiku onse aja amene iwo ankanunkhiza malaya ndi kuyeza mpando, munthuyu ankatsika mapili a ku Kacholola injini ili chete, mabuleki akuuma, katundu akumukankha kumbuyo, podutsa pamalo pomwe anatola akulu ake.

"Munagwila Baibulo," anatelo.

"Ndinagwila."

"Ine ndinasambitsa akazi a akulu anu pa malilo aja. Ndinawamwetsa phala ndi supuni chifukwa manja awo sankagwila. Mumafuna Yvonne adzandimwetse ine?"

Misozi inatsikila m'ndevu za a Febian.

Amai Virginia anadzuka pamphasa, nakonza chitenje, nalowa kuchipinda. A Miti anayang'ana a Febian, napukusa mutu, poganiza kuti mwana wa mlongo wawo wapita kukalongedza zovala. Koma anatuluka atanyamula khanda, Yvonne akuwatsatila m'mbuyo maso ali tong'o.

"Tambasulani manja."

A Febian anayang'ana manja awo. "Sindinasambe."

"Tambasulani. Gwilani mutu, khosi silinalimbe."

Anamuika mwanayo m'manja mwawo. Anali wopepuka kuposa mmene a Febian ankaganizila, ndipo anamugwila mouma, zigongono zili m'mwamba, osapuma bwino. Mwanayo anakwinya nkhope, nayasamula, nawayang'ana.

"Muoneni bwino," anatelo amai Virginia. "Ameneyu akanakula akungomva nkhani kuti ambuya ake anali munthu woimba besi."

A Miti anatsokomola, nabweza chipewa kumutu. "Ndiye ine ndinene kuti mlandu watha?"

"Umene ndinakuitanilani watha, amalume. Ndinawaganizila choipa chimene sanachite, ndipo ndipepesa pamaso panu ndi pamaso pa Mulungu. Koma uwu winawu sunathe. Mailo tikaonana ndi abusa. Ndipo motoka iyi siidzapitanso ku mlatho ine ndili pakhomo. Yvonne, uziphika wekha masiku a ulendo."

"Nanga dizilo, amake Yvonne?" anafunsa a Febian motsitsa.

"Tikweza mtengo wa milamba. Amene safuna akawedze yekha."

A Miti anaseka mpaka kutsamwa, napempha madzi akumwa. A Febian sanamve n'komwe. Anali atawelamila pa mdzukulu wawo, akumuyambila nyimbo.